Chala cha Mizhir Woweta Nkhunda

Mlamu wanga Mizhir ndi munthu wamantha, ndipo apa sindikumudya miseche ayi, mwiniwake amazinena yekha pagulu. Galu akauwa kumapeto kwa msewu, iye amadzera msewu wina. Jekeseni amaiopa, wozula mano amamuopa, ndipo mlongo wanga Sabiha, amene ndi mkazi wake, amamuopa kuposa zonsezo. Pa nkhondo ya ndi Iran anamutenga usilikali monga anatitengera tonse, koma akuluakulu ataona mmene mfuti inkanjenjemerera m'manja mwake, anaganiza zopulumutsa anzake, n'kumupatsa ntchito yosenda anyezi. Anasenda anyezi mpaka nkhondo kutha. Anabwerako ndi maso ofiira ndi khutu limodzi logontha.

Ntchito yake inali yokonza mbaula za palafini pakhonde lina la kumsika, koma mtima wake sunali pamenepo. Unali padenga la nyumba yake. Pamene anthu ena kuno ku Hurriya, dera lathu la mu Baghdad, amayanika zovala padenga ndi kugonapo nyengo yotentha, Mizhir anamangapo khola la nkhunda. Akaweruka ankakwera, n'kutsekula khola, n'kuyamba kugwedeza nsungwi yaitali yomangirira nsanza kunsonga, zala ziwiri zili m'kamwa, likhweru lili pyoo, nkhunda zikuzungulira kumwamba. Pamenepo mukanamuona simukanati ndi yemwe uja wothawa agalu.

Vuto n'lakuti kwathu ku Baghdad woweta nkhunda sawerengedwa ngati munthu wathunthu. Amati ndi wakuba, chifukwa gulu lake likakoka nkhunda ya mnzake sabweza. Amati amasuzumira akazi a eni ake ali padengapo. Amati kulumbira zabodza ndiko chakudya chake, choncho umboni wake sulandiridwa. Bambo athu anamukana kangapo asanamupatse Sabiha, ndipo atamupatsa anati, "Mwina adzamuwongola." Sabiha anayesetsa. Anamusiyitsa fodya, anamusiyitsa makhadi, koma nkhunda zinamukanika.

Tsiku lina anthu awiri a mumsewu wathu anakangana za khoma logumuka, ndipo amene anaona zonse anali Mizhir yekha, ali padenga paja. Nkhani inapita kwa Haji Abbud, mkulu wogulitsa nsalu amene ankaweruza timilandu tathu. Mizhir anavala malaya ake a ku ukwati, n'kuimirira kuti afotokoze.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero Haji mokoma mtima. "Palibe munthu wina amene anaona?"

"Ndinaona ndine, Haji."

"N'chifukwa chake ndikufunsa ngati pali munthu."

Anthu anaseka, Mizhir naye anaseka, n'kukhala pansi. Madzulo ake sanadye.

Mdani wake wamkulu anali Muthanna, woweta nkhunda mnzake wa nyumba ya kuseri. Madenga awo anali ogundizana, ndipo kuyambira unyamata wawo ankaberana nkhunda ndi kutukwanizana makolo madzulo alionse. Tonse ndife Asilamu, Muthanna ndi wa gulu la Asuni, ife ambiri mumsewumo ndife Ashia, koma nthawi imeneyo zimenezi sizinkalowa m'matukwano awo. Anali ndi nkhani zazikulu kuposa zimenezo.

Kuvota tinkakudziwa. M'masiku a mkulu uja amene chithunzi chake chinali pakhoma lililonse, ankatiitana kukamuvomereza kuti apitirize kulamulira. Papepala pankalembedwa "inde" ndi "ayi", ndipo munthu wa chipani ankaima pambali pako kuti usasokonezeke. Mizhir ankafika mbandakucha, n'kuchonga "inde" mwamphamvu mpaka pepala kubooka, n'kulikweza m'mwamba kuti aliyense aone asanaliponye m'bokosi.

Kenaka kunabwera Aamerika ndi akasinja awo, mkulu uja anagwa, magetsi n'kugwa naye limodzi. Patapita nthawi tinamva kuti kumapeto kwa Januwale wa 2005 kudzakhala chisankho chenicheni, chokhala ndi mayina ambiri, ndipo wovota aliyense adzaviika chala mu inki yosafufutika. Sabata yomweyo pakhoma la sukulu yathu ya pulaimale, yomwe inali malo ovotera, panapezeka mawu olembedwa ndi utoto wakuda: wobwera kuno abwere ndi nsalu yokulungira mtembo wake.

Pamalo omwera tiyi amuna onse anasanduka mikango.

"Ine ndidzakhala woyamba pamzere," anatero Haji Abbud akumenya tebulo. "Akafuna kupha andiphe. Ndakalamba kale, ndikuopanji?"

"Mulungu akusungeni, Haji," anatero Mizhir. "Mukakafika mukandivotereko. Ine chala changa ndimachifuna, ndimaimbira likhweru."

"Iwe ndani wakuitana?" anatero wina, anthu n'kufa nako kuseka.

Muthanna anati kumzikiti kwawo awauza kuti asapite, chisankho cha pansi pa mfuti za alendo si chisankho. Mizhir anamugwira dzanja, koyamba pa moyo wawo, n'kunena kuti pa nkhani imeneyi yokha iye ndi Msuni.

Tsikulo linali Lamlungu, kukuzizira kolowa m'mafupa. Magalimoto analetsedwa mumzinda monse, ndiye ine woyendetsa takisi ndinalibe chochita koma kukhala pazenera. Nyumba yanga ndi yoyang'anizana ndi ya Mizhir. Kuyambira m'mamawa kunkamveka mabomba, ena kutali, ena pafupi. Msewu wathu unali zii, ngakhale mphaka osaoneka. Chitseko cha Haji Abbud chinali chotseka ndi mpiringidzo, makatani ali chotsitsa.

Dzuwa litakwera pang'ono kunaphulika chinthu chachikulu cha kumsika, nyumba zonse n'kugwedezeka. Zimene zinachitika padenga la Mizhir ndinazimva pambuyo pake. Kugwedezekako kunatsekula chitseko cha khola, nkhunda zonse n'kubalalika. Zambiri zinabwerera atangoimba likhweru, koma imodzi, yaikazi yofiira imene ankaitcha Mkwatibwi, imene ankaikonda kuposa achibale ake ena, inauluka molunjika n'kukatera pathanki ya madzi ya pamwamba pa sukulu. Ataunguza maso anaona Muthanna ali padenga lake, naye waiona, akutsekula khola lake kuti gulu lake likaikoke.

Mizhir anatsika masitepe awiriawiri. Anavala chikhoti pamwamba pa zovala zogonera, n'kuthira mapira m'thumba.

"Bambo a Najat, mukupita kuti?" anafunsa Sabiha.

"Kusukulu."

Mlongo wanga anagwira pachifuwa. Zaka zonsezo ankadikira kuti tsiku lina mwamuna wake adzachita chinthu, ndipo tsikulo linafika iye ali ndi ufa m'manja. Anathamanga kukatenga ziphaso zake n'kumuika m'thumba la chikhoti, misozi ili mbwembwembwe. Mizhir atatuluka, Sabiha anakhuthula mbale ya madzi kumbuyo kwake monga timachitira ndi munthu wa paulendo kuti abwereko bwino.

Apa ndi pamene ine ndinamuona. Ankayenda pakati penipeni pa msewu, atavala patapata, maso ali kumwamba, milomo ikugwedera. Aliyense amene ankasuzumira pazenera anaganiza kuti akupemphera. Kumbali ya kumanzere kunkalira mfuti, koma khutu lake logontha ndi la kumanzere komweko, ndiye sanacheuke n'komwe. Ankangoyenda, wowongoka ngati mkulu wa asilikali.

Woyamba kutsekula chitseko anali mayi wina wamasiye, Fakhriya, wogulitsa zonona za mkaka wa njati pakona. Anatuluka akukokera nsalu yake yakuda kumutu, n'kukuwa mawu omveka msewu wonse.

"Amuna a mumsewu uno, muli kuti? Wa nkhunda akupita, inu muli kunsi kwa bedi? Tibwerekeni ndevuzo tivale ife!"

Sabiha anatuluka, ufa udakali m'manja. Anatuluka wophika buledi ndi mkazi wake. Ndinatuluka ine. Zitseko zinayamba kulira chimodzichimodzi. Nkhalamba ina yosayenda anainyamula pa wilibala. Haji Abbud anatuluka chakumapeto akukonza nsalu ya kumutu, akuuza aliyense kuti mapemphero ndiwo anamuchedwetsa. Pofika pakona tinali chikhamu, tikuyenda mwakachetechete kumbuyo kwa munthu wovala patapata amene sankadziwa n'komwe kuti tikumutsatira.

Pasukulu panali waya waminga ndi asilikali athu ophimba nkhope. Anamuimitsa Mizhir n'kuyamba kumupapasa. Msilikali anapisa m'thumba n'kutulutsa mapira.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Mapira."

"A chiyani?"

"A njala," anatero Mizhir, n'kutafuna pang'ono kuti akhulupirire.

Atamulola anafuna kukhotera kuseri komwe kunali makwerero a ku thanki, koma msilikali anamugwira paphewa. "Khomo lili uku, bambo. Ndinu woyamba. Mulungu akudalitseni, takhala tikudikira kuyambira m'mawa."

Apa Mizhir anacheuka, n'kutiona tonse. Nkhope yake inachita ngati ya munthu amene wadzuka n'kupeza ali pakati pa mtsinje.

Asananene kanthu, bomba linagwa m'bwalo la mpira kuseri kwa sukulu. Magalasi a mazenera anathethekera pa ife. Tonse tinadzigwetsa pansi m'matope, ine n'kugwera pambali pa mlamu wanga. Kunali fumbi ndi kulira kwa amayi. Ndinamva akundikoka malaya.

"Alamu," ananong'ona, "ine ndinabwerera nkhunda."

"Mwati chiyani?"

"Mkwatibwi. Anali pathanki apo."

Ndinayang'ana pathanki. Panalibe kanthu, mbalame inali itauluka ndi phokoso lija.

"Ndiye wapita," ndinatero. "Titani?"

Anadzutsa mutu n'kuyang'ana kumbuyo. Fakhriya anali chigonere m'matope akutukwana oponya bombawo ndi amayi awo. Nkhalamba ija inali itagwa pa wilibala, anthu akuikoka. Sabiha anali ndi magazi pachipumi pomwe galasi linamucheka. Ndipo onsewo, mmodzimmodzi, ankadzutsa mitu kuyang'ana Mizhir kuti aone chimene achite.

Anaimirira. Buluku lake linali lonyowa, iye mpaka lero amati anali madzi a m'matope. Anasasa chikhoti chake, n'kutola patapata imodzi yomwe inavuka, n'kuyenda kulowa pakhomo la sukulu. Anthu anadzuka n'kupanga mzere.

Pambuyo pake ndinamufunsa kangapo chifukwa chake sanathawe. Nthawi zonse amati, "Ndikanathawa ine akanathawa onse, ndiye pachipata chopapatiza chija akanandipondaponda. Ndinaona kuti m'kati ndi mwabwinoko." Mwina ndi zoona. Koma ine ndinaona kumene maso ake anali, anali pachipumi cha Sabiha.

M'kalasi munali mphunzitsi wamkazi wachitsikana, magalasi osweka ali mbwee patebulo pake, koma iye akumwetulira. Anayang'ana ziphaso n'kumupatsa pepala lalikulu ngati nsalu ya patebulo, lodzaza mayina ndi zizindikiro. Mizhir sanalilandire msanga. Anawerama n'kulankhula motsitsa, koma munthu wogontha akamatsitsa mawu kalasi yonse imamva.

"Mwana wanga, ndikuuziretu kuti pasadzakhale mavuto. Ine ndimaweta nkhunda."

"Ndiye?"

"Ndiye kaya zanga zimawerengedwa."

"Bambo, ngakhale mukanaweta ng'ona. Pepala limodzi, munthu mmodzi. Lanu ndi la Haji ali kumbuyoyo n'chimodzimodzi."

Haji Abbud anatsokomola n'kuyang'ana kudenga.

Mizhir analowa kuseri kwa katoni n'kukhalako nthawi yaitali, mpaka Fakhriya anafunsa ngati wagona. Kenaka anatuluka atakweza pepala m'mwamba, lotambasula, akulitembenuzira uku ndi uku.

"Pindani, bambo!" anakuwa mphunzitsi uja akuphimba maso. "Sitifuna kuona!"

"Palibe woona?"

"Palibe."

"Nanga adziwa bwanji kuti ndavota bwino?"

"Sadziwa. Ndi zanu zimenezo."

Anaima kaye, pepala lili m'manja, ngati munthu amene wapatsidwa mwana wakhanda kuti anyamule. Kenaka analipinda bwinobwino n'kuliponya m'bokosi. Mpaka lero palibe amene akudziwa yemwe anamuvotera, ngakhale Sabiha, amene amadziwa ndi maloto ake omwe.

Poviika chala anachita phuma, chala n'kulowa chonse mpaka m'tsinde. Anatuluka panja atakweza dzanja kutali ndi thupi, kuopa kudetsa chikhoti chomwe Sabiha anachapa dzulo lake. Amayi anayamba nthungululu, wina n'kumuwaza maswiti. Pachipata panali mzungu wojambula zithunzi atavala chipewa chachitsulo, ndipo anamujambula pomwepo: bambo wa ndevu zaimvi, matope kumaso, maso ofiira ngati wolira, chala cha mtundu wa biringanya chili m'mwamba. Tinamva kuti chithunzicho chinatuluka m'nyuzi za mayiko amene sitidzawaona. Patapata sizinaoneke, anamujambula kuyambira m'chiuno.

Sikuti aliyense anabwerera kwawo tsiku limenelo. Pasukulu ina kutsidya kwa mtsinje munthu anadziphulitsa pachipata, ndipo wapolisi amene anamugwira kuti asafike pamzere anali mwana wa mchimwene wake wa wophika buledi wathu. Madzulo tinapita kukapepesa, tonse ndi zala zathu zodetsedwa, ndipo palibe amene anaseka.

M'mawa mwake ngwazi yathu inayamba ntchito yochotsa inki. Anayesa sopo, anayesa ndimu, palafini, phulusa, mchenga, mpaka khungu linasupuka koma inki ili pomwepo. Ndiye anakulunga chalacho ndi bandeji n'kumauza anthu kuti mbaula yamuwotcha. Nzeruyo inafalikira. Pofika Lachitatu theka la msewu wathu linali litawotchedwa ndi mbaula, onse chala chimodzimodzi, ndipo wogulitsa mankhwala mabandeji anamuthera. Fakhriya yekha ndi amene ankayenda chala chili poyera, akuloza nacho aliyense.

Mkwatibwi sanabwerere. Mizhir anakwera padenga n'kufuula, "Muthanna! Nkhunda yanga yofiira!"

"Wallahi, pali Mulungu, sindinaione," anayankha Muthanna atagwira pamtima. "Kafunse boma lako latsopano likufunire."

Tinavotanso kawiri chaka chomwecho, ndipo ulendo womaliza Muthanna naye anapita, n'kubwerako akuti inki yake ndi yowala kuposa ya Mizhir. Tinkaganiza kuti basi zatha. Koma walira mvula walira matope. Chaka chotsatira mzinda unapenga. Anthu anayamba kufunsana mayina pamisewu, ndipo dzina lolakwika pamsewu wolakwika linali imfa. Kuno kwathu kunadzuka anyamata a mfuti a mbali yathu, ena tinawaona akukula, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kuthamangitsa Asuni. Nyumba yosiyidwa ankailanda, mwina kuitentha.

M'mawa wina Muthanna anagogoda kwa Mizhir, banja lake lili kale m'galimoto yodzaza matiresi. Anamupatsa kiyi.

"Uzizipatsa madzi," anatero. "Ukaba ndidzadziwa."

"Ndibe chiyani? Nkhuku zakozo?"

Anayang'anana. Kenaka anakumbatirana mwamsanga ngati anthu amene akuchita chinthu chochititsa manyazi, Muthanna n'kukwera galimoto kupita ku Siriya.

Mizhir atakwera padenga la mdani wake n'kutsekula khola, woyamba kumuyang'ana anali Mkwatibwi, wonenepa, atazunguliridwa ndi ana ndi zidzukulu zofiira. Anakhala pansi pomwepo n'kumutukwana Muthanna mpaka misozi kutuluka.

Patangopita masiku owerengeka anyamata a mfuti anabwera pa galimoto kudzatenga nyumbayo. Ife tinaima chapatali. Sabiha anati mwamuna wake atawaona anathamangira kuchimbudzi kawiri, kenaka n'kudumpha kakhoma ka padenga kulowa kwa Muthanna. Chaka chimenecho wailesi inkangonena za chimfine cha mbalame, chomwe chinapha anthu angapo kumpoto. Anyamata aja akuti aswe chitseko, chinatsekuka chokha, n'kutuluka Mizhir atamanga nsanza kukamwa, akutsokomola ngati wa chifuwa chachikulu, m'manja atanyamula nkhunda zakufa zolendewera mitu. Zinali zake zomwe, anazipotola makosi yekha, munthu amene nkhunda ikadwala ankagona nayo m'chipinda.

"Lowani, ana anga, lowani," anatero akuwayandikira. "Mulungu wakutumani. Mundithandize kutulutsa zinazo, zafa zambiri m'mwambamo. Mwini nyumba anathawa matenda, ine wandisiyira. Gwira iyi, mwana wanga."

Mtsogoleri wawo, amene ankati saopa chipolopolo, anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda galimoto.

"Imani pomwepo! Mukunena zoona, bambo inu?"

"Pali Mulungu, pali manda a bambo anga," anatero Mizhir, n'kutsokomolera kumene kunali iwo.

"Uyu ndi wa nkhunda," anatero mnyamata wina. "Amanama awa."

Apa Haji Abbud, amene anali pakati pathu, anayeretsa kukhosi. Analankhula momveka. "Ine ndamudziwa munthu uyu kuyambira ali mwana. Mizhir sanama."

Galimoto inachoka mothamanga. Kwa zaka ziwiri palibe amene anayandikira nyumba imeneyo, ndipo kwa miyezi ingapo palibenso amene anabweretsa mbaula kwa Mizhir kuti akonze, chifukwa nkhani ya matenda inafika mpaka kumsika. Ankadya ndalama zomwe Sabiha ankapeza posoka zovala. Nkhunda anazipha zija Sabiha anaziphika ndi mpunga, koma iye sanalawe.

Zinthu zitazizirirako Muthanna anabwerera, wowonda, tsitsi lonse lili mbuu. Anapeza nyumba ili bwinobwino, mpaka mtengo wa malalanje wothiriridwa. Anayendera zipinda zonse, n'kukwera padenga. Tinamva mawu ake msewu wonse.

"Mizhir! Wakuba iwe! Zofiira zanga zili kuti?"

"Wallahi sindinazione!" anayankha mlamu wanga padenga lake, ndipo Sabiha akuti usiku umenewo anadya mbale ziwiri.

Patapita zaka, bungwe lina loona za mtendere linaganiza zolemekeza anthu wamba amene anavota tsiku loyamba lija. Anafufuza bambo wa pachithunzi mpaka anamupeza pakhonde lake la mbaula. Anatiitanira ku hotela yaikulu ya m'mbali mwa mtsinje, ine ndinawatenga pa takisi yanga, Mizhir atavala suti yobwereka. Mipando ya kutsogolo inali ya akuluakulu, ambiri mwa iwo anthu amene tsiku la chisankho lija ankalionera pa kanema ali kunja kwa dziko. Ife olemekezedwa anatikhazika kumbuyo pafupi ndi khomo la kukhitchini. Analankhula mmodzi, analankhula wina, aliyense akuti chala chimodzi sichiswa nsabwe koma zala za anthu athu zinaswa uchigawenga. Magetsi anazima kawiri. Kenaka anaitana dzina lake.

Mayi woyendetsa mwambo anamupatsa cholankhulira. "Bambo Mizhir, tiuzeni. M'mawa umene uja, mabomba akugwa, n'chiyani chinakutulutsani m'nyumba?"

Sabiha anandifinya dzanja. Mizhir anayang'ana anthu onsewo, thukuta lili kamukamu.

"Nkhunda," anatero. "Nkhunda yanga inathawira kusukulu, ndiye ndinkaopa kuti Muthanna aiba. Ndipo anaibadi."

Holo yonse inaseka n'kuwomba m'manja. Mayi uja anapukuta misozi. "Mwamva, abale? Nkhunda! Mbalame ya mtendere inamutsogolera! Ndipo taonani kudzichepetsa kwake."

"Ayi, inali yofiira, ya mchira..."

Koma anali atamulanda kale cholankhulira. Anamupatsa chikho cha galasi chosemedwa ngati mbalame yotambasula mapiko, n'kumujambula ali pakati pa akuluakulu awiri amene sanamufunse n'komwe dzina. Za nyumba ya Muthanna palibe amene anazitchula, chifukwa panalibe chithunzi chake.

Pobwerera m'galimoto Mizhir ankangotembenuza mphatso ija.

"Amene anasema ichi sanaonepo nkhunda," anatero pomaliza. "Mapiko ndi a khwangwala."

Ine ndinkadikira kuti Sabiha aphulike, poti nkhani ya Mkwatibwi tinkamubisira zaka zonsezo. Koma iye ankangoyang'ana panja.

"Mayi a Najat," anatero Mizhir mwamantha, "zija ndanena zija..."

"Mapira aja m'thumba la chikhoti anachapa ndani?" anatero mlongo wanga. "Ndinadziwa tsiku lomwelo. Khalani bwino, mukukwinya suti ya eni ake."

Haji Abbud anamwalira, Fakhriya anamwalira. Zisankho zimabwerabe, ndipo ulendo uliwonse mzere umafupika. Achinyamata amati n'kutaya nthawi, nkhope n'zomwezo, magetsi ndi omwewo. Najat, mwana wa Mizhir, amamuuza kuti, "Baba, mawondo anuwo, mukuvutikiranji? Akupatsani chiyani anthu amenewa?" Iye amati akupita kukachotsa amene anawaika ulendo watha, ndipo amapita, ndi ndodo, akutukwana njira yonse. Amaopabe agalu. Pachipata amalolabe kuti ena adutse kaye, iye aone ngati kuli bwino.

Koma kunena kuti andale sanamupatse kanthu ndi bodza. Nyengo ya kampeni misewu imadzaza ndi zikwangwani zikuluzikulu za nkhope zawo, zomangidwa pa mafelemu achitsulo, ndipo kuvota kukangotsekedwa anthu osauka amathamangira kukazizula. Mizhir amayamba kuyendera zikwangwanizo kudakali milungu, akugogoda zitsulo ndi ndodo yake. "Uyu ndi munthu wabwino," amatero. "Taonani kunenepa kwa chitsulo chake. Uyo ndi wakuba, waika malata."

Chisankho chapitachi anandiuza kuti ndiimike takisi pafupi ndi chikwangwani cha dokotala wina wolonjeza zipatala. Nthawi itakwana tinachizula, anthu okalamba awiri, n'kuchimangirira pamwamba pa galimoto. Kufika kunyumba sichinalowe pamasitepe. Muthanna anatulukira padenga la Mizhir, n'kuponya chingwe.

"Mangani pakhosi pa dokotalayo, ndikoke!"

"Ukoke bwino, ndi denga la khola langa limenelo!"

"Theka ndi langa. Chingwe n'changa."

"Alamu, mukumumva wakubayu?"

Ine ndinali pansi ndikukankha, dokotala akukwera pang'onopang'ono akumwetulira, mpaka Sabiha anatulutsa mutu pazenera n'kunena kuti tiyi akuzizira, ndipo amene aswe galasi lake agona padenga pomwepo.